Manambala a pansi pa kabokosi

Ntchito tinkagawana chonchi: ine zingwe, iye manambala. Ine ndinkakwera makwerero, kuboola makoma, kukoka zingwe m'denga ndi kumangirira masipika. Mkazi wanga ankabwera pambuyo ndi laputopu yake, n'kukhala pansi pafupi ndi kabati ya zipangizo, n'kuyamba kuziphunzitsa kumvana. Tinaphunzira zamagetsi pa koleji imodzi, koma iye anapitirira mbali ya makompyuta, ine ndinatsalira ku zogwira ndi manja. Kaofesi kathu kanali ku Old Town, chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala. Ntchito zambiri tinkazipeza ku City Centre, m'zipinda za misonkhano za mabungwe, nthawi zina m'holo ya tchalitchi.

Anamwalira nthawi ya mvula, atadwala masiku osakwana sabata ziwiri. Tinakamuika kwawo, kupitirira Mitundu. Patapita miyezi itatu atsibweni ake anandiitana kuti akandisudzule, ndipo katundu wake anagawidwa monga mwa mwambo. Zovala zinapita kwa abale ake aakazi, ziwiya zina kwa apongozi anga. Laputopu atsibweni anati ipite kwa mng'ono wake, amene anali atangoyamba kumene koleji. Anandifunsa ngati ndinali ndi mawu. Ndinati palibe vuto. Sindinaganize n'komwe za zimene zinali m'kati mwake. Pamene ndinkakumbukira, mlamu wangayo anali atapita nayo kale kwa okonza makompyuta kumsika, ndipo anafufuta zonse kuti iziyenda msanga. Anandiuza yekha pa foni, mokondwa, kuti tsopano ikuthamanga. Ndinamuuza kuti aziisamala.

Foni ya ku City Centre inabwera Lachiwiri m'mawa, m'nyengo yozizira. Anaimba anali mayi oyang'anira ofesi ya bungwe lina limene tinaliikira zipangizo chaka chapitacho. Ndi mayi a ku Rumphi, osazungulira polankhula.

"Tabuleti yanu ija yafa," anatero. "Kuyaka ikuyaka, koma ukadina palibe chikuchitika. Lachinayi tili ndi msonkhano wa bodi, ena alowa pa intaneti. Mubwere lero. Ndipo mubwere ndi madamu, chifukwa inu ndimakudziwani, muzangoyang'ana kudenga."

Ndinawauza kuti akazi anga anatisiya nthawi ya mvula.



"Ayi, bambo. Mtsikana uja?" Anapuma. "Sitinamve. Pepani. Pepani kwambiri."

Kenako anafunsa, mawu atatsika, ngati ndikanatha kubwera ndekha. Ndinati ndibwera.

Chipindacho chili pamwamba, mawindo ake kuyang'ana ku mitengo ya ku Capital Hill. Muli tebulo lalitali, pulojekita yopachikidwa kudenga, nsalu yoonetserapo imene imatsika yokha, kamera, maikolofoni a patebulo ndi masipika a m'denga. Kale chilichonse chinali ndi rimoti yake, ndipo tsiku la msonkhano imodzi inkasowa basi. Chimene tinawaikira ife ndi kabokosi kakuda, kukula ngati buku la nyimbo, kamene kamakhala m'kabati pakona. Kabokosiko kamalumikizidwa ndi chingwe ku netiweki ya ofesi ndipo kamalamula zipangizo zonse. Munthu amadina pa tabuleti ya patebulo, tabuleti n'kuuza kabokosi, kabokosi n'kuuza pulojekita kapena nsalu. Kuti zimvane, chipangizo chilichonse chimakhala ndi adiresi yake pa netiweki, manambala anayi olekanitsidwa ndi timadontho. Atatu oyamba ayenera kufanana pa zonse, ngati nyumba za mu Area imodzi, ndipo yomaliza ndiyo nambala ya nyumba.

Vuto ndinalipeza ndisanavule n'komwe jekete. Sabata yapitayo ofesi inasintha kampani ya intaneti. Anthu atsopanowo anaika rauta yawo, imene inagawa maadiresi atsopano, ndipo yakale eni ake anabwera kudzatenga. Tabuleti inasamukira ku maadiresi atsopano yokha. Kabokosi ndi zipangizo zina zinatsala pa maadiresi akale, chifukwa mkazi wanga anazikhomera pamenepo dala kuti zisamasunthe magetsi akathima. Kuti ndizisamutse ndinayenera kulowa m'kabokosi, ndipo kuti ndilowe ndinayenera kudziwa adiresi yake yakale. Sindinkaidziwa. Sinali mbali yanga.

Woyang'anira makompyuta pa ofesipo anali wa msinkhu wanga, wongolembedwa kumene ntchito, munthu wansangala. Anali atawongola kale kawaya kopanira mapepala.

"Achimwene, izi n'za mphindi ziwiri," anatero. "Kumbuyoku kuli kabowo. Mulowetse kawayaka, mudikire kagetsi kaphethire, basi, riseti yatheka. Kabwerera mmene kanachokera ku fakitale, adiresi ili m'buku lake. Ine ndikanapanga dzulo, koma madamu anandiletsa kuti ndidikire eni ake."

Sankanama. Koma riseti imafufuta zonse, osati adiresi yokha. M'kabokosimo munali ntchito imene mkazi wanga anaigwira sabata zitatu. Ndi iye anajambula mabatani a pa tabuleti, akuluakulu, ochepa, olembedwa m'Chichewa ndi Chingerezi chaching'ono pansi pake: Yatsani zonse, Tsitsani nsalu, Chepetsani mawu, Tamaliza. Ankati woyatsa chipinda cha misonkhano si bwana, ndi mesenjala. Ndi iye anawerengera masekondi amene pulojekita imafuna kuti itenthe nsalu isanatsike, ndi kuchepetsa mphamvu ya maikolofoni ya pafupi ndi zenera chifukwa inkatola phokoso la magalimoto. Kope la zonsezi linali m'laputopu ija. Ntchito zathu zina zinali zazing'ono, za zingwe ndi masipika basi. Pulogalamu yokhayo yathunthu imene analemba ndi manja ake, yotsala padziko, inali m'kabokosi kameneko.

Sindinafotokoze zonsezi. Ndinangoti riseti idzafufuta mabatani, ndipo kope palibe.

"Mulembanso," anatero wa makompyuta uja. "Si munaphunzira limodzi?"

Ndikanalemba, zoona. Pa tsiku limodzi ndikanapanga mabatani anayi oyatsa ndi kuzimitsa, ndipo msonkhano ukanachitika.

Mayi aja anali ataima pakhomo, manja atapinda. "Ine za mawaya anuwo sindikuzidziwa," anatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti Lachinayi naini koloko ndidine, chinsalu chitsike. Ndikupatsani mpaka mawa thwelofu. Ikakwana thwelofu simunalowe, uyu alowetse kawaya kake, inu mulembe zatsopano masana onse. Tamvana, bambo?"

Ndinati tamvana. Sanali ouma mtima. Anali ndi msonkhano.

Mkazi wanga anali ndi chizolowezi. Akamaliza chipangizo, ankadula kachidutswa ka tepi ya pepala, n'kulembapo adiresi ndi bolopeni ya buluu, n'kumata pansi pa chipangizocho, posaoneka. Choncho atangotuluka anthu aja ndinatembenuza kabokosi. Panalibe tepi. Panali kachizindikiro kokha ka zomatira, kotuwa, kutalika ngati chala. Ndinatembenuza bokosi la mawu, lolumikiza maikolofoni ndi masipika, chimodzimodzi. Kamera, chimodzimodzi. Ndinakwera pa tebulo n'kusuzumira pamwamba pa pulojekita. Wina anali atamatula zonse, n'kupukuta bwinobwino.

Masana onse ndinkayesa mwamwayi. Ndinalumikiza laputopu yanga ku kabokosi ndi chingwe chachifupi, n'kumaipatsa maadiresi a mitundu imene marauta ambiri amagwiritsa ntchito, n'kumaitana nyumba iliyonse pa mzerewo. Palibe inayankha. Mkazi wanga sankakonda maadiresi odziwika, ankati ndi amene amagundana ndi zinthu za ena. Wa makompyuta anafufuza m'mafayilo amene anasiyiridwa, osapeza kanthu. Anaimbira kampani yakale ija, anamuuza kuti rauta akaibweza amaifufuta. Anandigulira chipisi nthawi ya lanchi, ndipo kawaya kaja anakasiya pa tebulo, pafupi ndi tabuleti.

Ndikuweruka ndinadutsira ku Old Town. M'kaofesi kathu munali buku limodzi la ntchito imeneyo, koma linali langa: kutalika kwa zingwe, kukula kwa mabowo, kajambulidwe ka denga. Mkazi wanga mabuku ake ankawasunga kunyumba, ndipo anapita kumudzi m'katoni limodzi ndi mabuku a sukulu. Ndinaganiza zoimbira apongozi, koma sindinaone mmene ndikanawapemphera kuti atsegule katoni ya mwana wawo n'kumandiwerengera manambala pa foni. Ndinatseka ofesi n'kukakwera minibasi.

Lachitatu ndinafika eyiti isanakwane. Ndinayambanso kuyesa kuyambira pamene ndinalekezera. Cha m'ma teni chitseko chinatseguka, n'kulowa mesenjala wa pa ofesipo ndi thireyi ya tiyi. Ndi bambo achikulire a ku Nathenje, amene anagwira ntchito yomweyi ku Capital Hill mpaka kupuma, kenako n'kulembedwanso kuno. Dzulo lake anali atatumidwa kokasiya makalata tsiku lonse. Anaika thireyi pansi, anakoka mpando, n'kukhala moyang'anana nane. Sanayambe kulankhula asanakhale.

"Tamva zovuta, bambo," anatero. "Madamu andiuza m'mawa uno. Pepani."

"Zikomo, abambo."

"Anadwala nthawi yaitali?"

"Ayi. Masiku ochepa."

"Munakaika kuti?"

Ndinawauza. Anagwedeza mutu, anati derali amalidziwa, kuli mlongo wawo anakwatiwa chakumeneko.  Kenako analoza tabuleti ndi chibwano.

"Ichi anandiphunzitsa ndi iwo. Ine ndinkachiopa. Anati, abambo, dinani, sichiluma. Ndikadina molakwa ankaseka, n'kuti, tiyeni tibwerezenso. Mpaka mabwana akalephera amaitana ine."

Anandithirira tiyi. Ndinatembenuzanso kabokosi kaja, mwina kachisanu, ngati kuti tepi ingamere.

"Mukufuna chiyani pansipo?"

Ndinawauza kuti panali kachidutswa ka tepi kolembedwa manambala.

"Timapepala tija? Ndinamatula ndine."

Anafotokoza mosadandaula. Kunkabwera alendo akunja, madamu anati chipinda chiwale. Iwo anapukuta paliponse, ndi pansi pomwe. Tizidutswato tinali titada, m'mbali mutapindika, fumbi litamatirira. Anaona kuti n'zonyansa pa zipangizo zodula.

Wa makompyuta anali atalowa nthawi imeneyo. Anagwira mutu. "Madala! Ndiye mwatipha ndinu! Tsiku lonse dzulo munthu akuvutika, inu munataya?"

"Ndani wanena kuti ndinataya?" Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iwe, ine ndakalambira ku Capital Hill. Pepala lolembedwa manambala silitayidwa. Limasungidwa mpaka mwini wake adzafunse."

Anatuluka osafulumira. Anabwera ndi buku lalikulu lachikuto chakuda, losainitsa makalata akakaperekedwa. Anatsegula chikuto chakumapeto. M'kati mwake munali tizidutswa tisanu ta tepi, tomatidwa pa mzere wowongoka, kuyambira nambala yaing'ono kutsika mpaka yaikulu.

"Ndiye fayilo yathu yonse ili m'khwapa mwa madala," anatero wa makompyuta.

"Iwe unabwera ndi makina atsopano, chipinda chinafa. Khala chete uone buku likugwira ntchito."

"Munamatula ndinu, madala!"

"Ndinamatula, ndinasunga. Iwe unasunga chiyani?"

Ndinkawamva ngati ali kuchipinda china. Zinali zolemba za mkazi wanga. Seveni wake ankamudula pakati, ndipo wani ankamuika kamutu kokhota ngati ndodo ya ambulera. Inki inali itayamba kufuwa. Ndinayang'ana koloko ya pakhoma: inali itadutsa hafu teni.

Pa tizidutswapo panalibe mayina, chifukwa kachidutswa kalikonse kankakhala pa chinthu chake ndipo sikankafunika dzina. Koma manambala atatu oyamba anali ofanana pa tonse, ndipo anali a mtundu umene sindikanauganiza ngakhale atandipatsa sabata. Ndinapatsa laputopu yanga adiresi ya pa mzere womwewo, n'kuilumikiza ku swichi yaing'ono ya m'kabati imene zipangizo zonse zimakumanapo. Ndinalemba nambala yoyamba. Panatseguka tsamba la kamera. Yachiwiri inali pulojekita. Yachitatu inakhala kaye osayankha, kenako panabwera kabokosi koyera kofunsa pasiwedi.

Pasiwedi ndinkaidziwa. Inali imodzi pa ntchito zathu zonse, ndipo sinali ya manambala a netiweki, inali yathu ya kunyumba. Ndinailemba pang'onopang'ono.

Zinatseguka.

Ndisanakhudze china chilichonse ndinakopera pulogalamu yonse m'laputopu yanga. Kenako ndinaikoperanso pa fulashi. Ndinatsegula kope lililonse kuti ndione ngati lili lathunthu. Wa makompyuta anatenga kawaya kake pa tebulo, n'kukaponya m'bini. Anakakhala pa kompyuta yake n'kundipatulira maadiresi asanu pa rauta yatsopano, amene sadzaperekedwa kwa foni ya mlendo aliyense.

Kusamutsa kuli ndi ndondomeko yake, ndipo ndinaikumbukira chifukwa ndinkamumva mkazi wanga akuilankhula yekha akamagwira ntchito: ana poyamba, mayi pomaliza. Ndinasintha adiresi ya kamera, ya pulojekita, ya bokosi la mawu, ya makina a nsalu. Chilichonse ndikachisintha chinkazimiririka pa laputopu yanga, chifukwa chinali chitapita ku mzere wina. Kenako ndinalowa m'ndandanda wa m'kabokosi, mmene mumalembedwa kuti chipangizo chakuti chili pa adiresi yakuti, n'kusintha mizere inayi. Pomaliza ndinasintha adiresi ya kabokosi kenikeniko. Ukadina pamenepo tsamba limayera, ndipo ngati walakwitsa nambala imodzi wakataya kachiwiri. Ndinawerenga katatu, ndinapempha wa makompyuta awerengenso mokweza, ndiye ndinadina.

Tsamba linayera. Ndinauza tabuleti adiresi yatsopano ya kabokosi. Pakona pake pali kadontho kamene kanali kofiira kuyambira sabata yatha. Tinakayang'ana anthu atatu. Kanasanduka kobiriwira.

"Dinani, abambo," ndinatero.

Mesenjala anapukuta chala pa malaya, n'kudina Yatsani zonse. Pulojekita inalira kamodzi. Panadutsa masekondi aja amene mkazi wanga anawerengera, kenako nsalu inayamba kutsika. Inali isanakwane thwelofu.

Mayi aja anabwera, anadina batani lililonse kawiri, analankhula pa maikolofoni onse, n'kuuza wa makompyuta kuti aimbe pa intaneti kuchokera ku ofesi yake kuti aone kamera. Atakhutira anandigwira paphewa pang'ono, n'kubweza dzanja.

"Mwamaliza?"

"Kwatsala chingwe chimodzi."

M'pulogalamu muli malo olembamo zokumbutsa, amene saoneka pa tabuleti. Ndinawaona pamene ndinkatsimikiza makope aja. Zambiri zinali za ntchito: liwiro la kulankhulana ndi pulojekita, chifukwa chimene mkazi wanga anachepetsera maikolofoni ya pazenera. Mzere womaliza unali wa ine. Analemba kuti: Abwana a zingwe, chingwe cha netiweki cha pulojekita mwachikoka kwambiri, chidzazuka. Musinthe mukapeza mpata. Sindikudziwa ngati anandiuzapo pakamwa. Mwina anandiuza ndili pa makwerero ena.

"Chingwecho chikugwira, achimwene," anatero wa makompyuta. "Mwaona nokha."

"Chikugwira," ndinavomera.

Ndinadula tizidutswa tisanu ta tepi yatsopano, n'kulembapo maadiresi atsopano, ndipo pa kalikonse ndinawonjezera dzina la chipangizo chake. Ndinamata pansi monga kale. Mesenjala ankayang'ana.

"Amenewa sindimatula," anatero. "Ndizingopukuta m'mbali." Anatsegulanso buku lawo lija pa chikuto. "Nanga akalewa? Ndikumatulireni?"

Ndinaganiza. Tepi yakale ikamatulidwa kachiwiri imang'ambika. Ndinawauza kuti akhale momwemo, asungika bwino. Anatseka buku n'kuliika m'khwapa.

Makwerero anali m'chipinda chosungiramo katundu cha pansi, ndipo tinanyamulizana ndi mesenjala. Nditachotsa kachidutswa ka denga ndinaona kuti mkazi wanga ananena zoona. Chingwe chinali chowongoka ngati cha gitala, chitapinda pakamwa pa pulojekita, ndipo kapulasitiki kogwirira kanali katayamba kuyera pamalo pothyokera. Ndinakumbukira tsiku limene ndinachikoka: chingwe chinali chitatsala pang'ono pa mpukutu, ndipo sindinafune kutsegula wina.

Ndinatsika, ndinayeza chatsopano kuchokera m'chikwama, n'kuwonjezera mkono umodzi. Ndinasenda nsonga, ndinandandalika timawaya tisanu ndi titatu motsatira mitundu yake, n'kupana mitu yonse iwiri. Ndinakweranso. Mesenjala anagwira makwerero ndi manja awiri, ngakhale sankagwedera.

"Mwafika?" anafunsa ali pansi.

"Ndafika."

Ndinazula chakale, n'kulowetsa chatsopano mpaka chinalira kuti tswa. Chotsalacho ndinachikulunga kawiri n'kuchigoneka pamwamba pa denga, chosakoka. Ndinawapempha kuti adine Tamaliza, kenako Yatsani zonse, ndipo ndinakhalabe pamwambapo mpaka pulojekita inayakanso pafupi ndi nkhope yanga.